Delesi langa la ku Kabula ndi ng'oma ya asibweni

Amene wandikakamiza kulemba izi ndi Elina, mdzukulu wanga uja amaphunzitsa atsikana kusoka. Akuti, "Agogo, nkhani ya delesi mwatiuza mpaka makutu atopa, ndipo ulendo uliwonse delesilo limatalikirako. Ilembeni ikhale malo amodzi." Ndiye wandigulira pensulo ndi mapepala, wandikhazika pakhonde. Chinyanja changa mundikhululukire, ndinachitola ku Kabula, ndipo Chitonga chimangolowamo ngati mbuzi m'munda wa eni.

Maganizo ochoka anandipeza ndili m'madzi mpaka m'mawondo, ndikuvuula chinangwa padziwe. Masiku amenewo Boma kunalibe. Tinkakhala m'linga la pa Chintheche, anthu thithithi chifukwa choopa Angoni, nyumba zogundana moti ukakazinga usipa linga lonse linkadziwa kuti kwa uje lero kuli ndiwo. Ine ndinkayenda wapansi kupita kusukulu ku Bandawe, kumene ndinaphunzira a, e, i, kusoka ndi kuchapa ndi sopo. Ndiye kunali dona wina, mkazi wa mzungu wamalonda, amene ankabwerera ku Kabula, komwe ana a masiku ano amati Blantyre. Ankafuna mtsikana womugwirira mwana ndi kumuchapira. Malipiro ake nsalu. Ndinayang'ana chiwondo chimene ndinavala, nsalu yathu ya khungwa la mtengo ija, itanyowa n'kumandikanda m'chiuno, ndinati basi, ndikupita.

Ama anakana. "Ukadya chiyani kumeneko? Akuti anthu ake amadya chimanga ngati nkhuku."

Ada, bambo anga, anangoti, "Anyamata akupita tsiku ndi tsiku kukasenza katundu. Nayenso ali ndi miyendo."

Amene anadandaula zenizeni anali asibweni a Mpalika, alongo awo a ama, oimba ng'oma a m'linga mwathu. Musandione lero ndikuyenda ndi ndodo, ine ndinali wovina. Sindikudzitama, funsani aliyense, kungoti amene akanandichitira umboni onse anagona. Asibweni anati, "Suzgika, ukundisiyira miyendo yolemera yokhayokha. Manja anga achita dzimbiri."

Suzgika ndi ine. Dona dzinali linamukanika, ankangoti Susi, ngati akuthamangitsa nkhuku.

Za ulendo sindichulutsa, chifukwa mbali yaikulu ndinali nditagona pamulu wa nkhuni ndikusanza. Ine mwana wobadwira pabwato, koma sitima inandichititsa manyazi. Inkaima kutola nkhuni, n'kupita, n'kuimanso. Tinalowa mumtsinje wa Shire, mvuu zikutiyang'ana ngati tabwera kudzazilanda malo, tinatsika pa Matope n'kuyamba kukwera mapiri wapansi, mwana wa dona ali kumsana kwanga. Kabula anandilandira ndi chisanu. Ndinkayesa ndadwala, kufikira mayi wina wophika atandiuza kuti kuno ndi mmene kumakhalira.

Ntchito sinali yoipa. Kuchapa kumtsinje, kusita ndi simbi yotenthetsa pamoto, kunyengerera kamwana kofiira ngati mbatata yosenda. Kamwanako ndinakakonda ndithu, ndipo mawu ake oyamba anali a Chitonga, mayi ake osadziwa. Chimene chinandivuta ndi chete. Kwathu nyanja sikhala chete, umagona ikulankhula, umadzuka ikulankhulabe. Kumeneko unkangomva belu. Belu lodzukira, belu logwirira ntchito, belu lodyera. Sunkayamba kanthu usanauzidwe. Ndinazolowera kuima pakhomo manja kumbuyo, kudikira kuti wina anene kuti tsopano.

Chakudya ndiye ama ananena zoona. Nsima ya chimanga inkangomwazika m'kamwa ngati mchenga. Ife kondowole, nsima yathu ya chinangwa, sititafuna, timangomuumba, kumuviika mumsuzi, n'kumeza, amatsika yekha. Tsiku lina chilakolako chitandigwira ndinagula chinangwa, n'kuchiviika m'beseni losambira dona, n'kulibisa kuseri kwa nyumba yochapira. Patapita masiku, fungo lija linafika mpaka kuchipinda chodyera. Bwana analamula anyamata kuti asasule denga, ati mwafera khoswe. Ine ndinkathandiza nawo kufunafuna, nkhope ili gwa. Kondowole wake ndinamudya ndekha kuseri kwa nthochi, wopanda ndiwo, misozi ikugwera momwemo. Ndiye munali mchere ndithu.

Uthenga unkayenda ndi anyamata a kwathu ogwira ntchito pasitima ndi osenza katundu. Ndikalandira nsalu ndinkadula pakati, ina kutumiza kwa ama, pamodzi ndi singano kapena mikanda ya mng'ono wanga Tiwonge. Yankho linkatenga miyezi, ndipo linali lomwelomwelo: "Tili moyo. Ukudya?" Basi. Ine ndinkamupanikiza mnyamata wobweretsayo. "Sananene china? Sanalire?" Iye n'kumati, "Analibe nthawi, ankasinja." Zinkandiwawa. Ndinkati kapena andiiwala, malo anga pamphasa atambasulirapo miyendo ena. Koma ulendo wina ama anandipatsira kamtolo ka nkhungu, tizilombo ta panyanja tija timauluka ngati utsi, tophikidwa m'masamba a nthochi mpaka kuuma ngati chikondamoyo chakuda. Ndinkabenthulako pang'onopang'ono ngati mankhwala. Mayi wophika uja atalawa anathamangira panja. Ayao ndi Amang'anja sadziwa zabwino.

Nyimbo kumeneko zinaliko, sindinganame. Lamulungu m'tchalitchi munkalira limba la azungu lopopa ndi mapazi, ndipo tinkaimba mawu anayi, okwera ndi otsika, mpaka tsitsi kuima. Ndimaziimbabe. Koma unkaima njo ngati mzati. Mphunzitsi ankakweza kandodo, limba liyambe, inu mudikire, kandodo kakatsika ndiye mulowe. Phewa likangogwedezeka, diso lake lili pa iwe. Phewa langa linagwedezeka miyezi yoyamba, kenako linamvera.

Nsalu yotsala ndinkasunga, ndipo ndinadzisokera delesi. Ha, delesi limenelo! Labuluu, la manja mpaka m'mikono, khosi lotseka, mabatani kutsikira kumsana, kutalika mpaka kusesa pansi. Ndinkalivala ndekha m'nyumba yochapira n'kumayenda uku ndi uku, ndikuganiza mmene linga lonse lidzatsegulire pakamwa.

Mvula zingapo zitadutsa, kunabwera uthenga wosiyana ndi wa masiku onse. Tiwonge akukwatiwa ndi msodzi wa ku Makuzi mwera ukangoleka, ndipo akuti sakalowa m'nyumba akulu ake palibe. Ndinatsazika. Dona anandipatsa lumo ndi kagalasi, kamwana kaja kanandigwira mwendo kakulira m'Chitonga. Pobwerera sitima sinandisanzitse, kaya chifukwa mphuno inali italoza kwathu.

Anandilandira ndi nthungululu, "Timuwoneni! Timuwoneni!" kuchokera padoko mpaka m'linga. Tsiku loyamba ndinakondwa. Koma mawa lake ndinaona kuti chinachake chapotoka. Anandiyalira mphasa yangayanga m'nyumba. Chakudya ankandibweretsera pandekha, mpasa wapakati penipeni, wopanda mutu, wopanda mchira, munthu n'kugwada, n'kutuluka. Ndikumva akazi akuseka kuseri pamene akudyera limodzi, ine ndili ndi nsomba yanga ngati wodwala nthomba. Nditagwira munsi kuti ndisinje, anandilanda. "Pepani, manja anu anafewa ndi sopo." Ana ankanditcha a Dona. Choopsa kuposa zonse, ama ondibereka anayamba kunditchula kuti "inu". "Mwadzuka bwanji inu? Madzi anu osamba ali apo." Ku Kabula ndinasungulumwa, koma kumeneko ndinali ndi chifukwa. Uku ndinali mlendo m'nyumba imene mchombo wanga unakwiriridwa kuseri kwake, ndipo sindinkadziwa kuti ulendowo umatha bwanji. Ndinayamba kuganiza kuti ukwati ukangotha ndikwerenso sitima.

Tsiku la ukwati linafika. Ana inu mumati madyerero mukaona mabanzi ndi tiyi. Mukanaona tsiku limenelo! Amuna anakoka makoka kuyambira m'mawa, utaka ndi usipa zili mbwee pamathandala. Kampango wowamba, batala wonona mafuta ake akuchucha pamakala, chigwada chosinja chothira nsinjiro, nkhungu zophwanyira mumsuzi, mitsuko ya thobwa itandandalikidwa mumthunzi. Woyang'anira miphika anali ankhazi a NyaManda, alongo awo a ada, mayi wamfupi wa mawu ofika kutsidya. Akamavundula kondowole ankaponda mphika ndi mapazi onse awiri, mthiko ukulira, pakamwa pakutukwana nkhuni, utsi ndi aliyense wodutsa.

A ku Makuzi anafika ndi mabwato dzuwa lili pamutu, ndipo anabwera ndi mkulu wina wa bangwe. Mkuluyo anakhala pansi pa mkuyu wa pabwalo n'kumakhwatcha zingwe zake, akuimba za anthu oumira. Ankangoyang'ana munthu n'kumupekera pomwepo, ndipo sankaleka mpaka munthuyo amubweretsere chikho cha thobwa. Iye anawaimba ada kuti ukonde wawo uli ndi zigamba zambiri kuposa maso. Ada anaseka mpaka kutsokomola, n'kupereka zikho ziwiri. Kumbali, asibweni a Mpalika ndi anzawo awiri ankawamba ng'oma pamoto, kugogoda, kumvetsera, kumata phula pakati, kugogodanso.

Tsono kwathu kunali mwambo. Chakudya chaukwati chinkaikidwa pabwalo m'nsengwa ndi m'mbale zadothi, chovundikira ndi masamba a nthochi. Palibe ankavundukula mpaka a kuchikazi atulutse wovina mmodzi wotsegula bwalo, ndipo a kuchimuna akhutire n'kumufupa. Akapanda kufupa, anthu ankangokhala ndi njala akuyang'ana masamba, ndipo mkwatibwi ankapita kwa apongozi ndi mbiri yakuti kwawo n'kozizira. Tiwonge anali atandigwira dzanja m'mawa. "Akulu, mutsegule ndinu. Ndakhala ndikuwauza a ku Makuzi kuti sanaonepo kuvina."

Ndinati apa ndiye pamene delesi lionekere. Ndinalivala, mabatani onse, n'kutuluka. Anthu anatsegula pakamwa monga ndinkafunira. Ndinayenda mpaka pakati pa bwalo, nsalu ikukokolola fumbi, n'kuima moyang'ana ng'oma, manja m'mbali.

Ng'oma zing'onozing'ono zinayamba, ti-ti-ti, ti-ti-ti, akazi akuwomba m'manja. Ine ndikudikira ng'oma yaikulu ya asibweni kuti ilowe. Asibweni manja ali m'mwamba, maso ali pansi pa delesi langa. Ti-ti-ti. Ine chiimire. Iwo chiyang'anire. M'manja muja munayamba kuzilala. Wina wa ku Makuzi anakuwa, "Kodi mwatiimikira mtengo wovala?" Anzake gwedegwede ndi phwete. Mayi wina anati, "Tiuzeni ngati kudya kuli mawa, tikayambe tavuula mabwato."

Asibweni anatsitsa manja. "Suzgika, maso anga ndi awiri okha, ndipo saboola nsalu. Miyendo unaisiya pasitima?"

"Ndikudikira inu muyambe, asibweni."

"Ndiyambe ine? Ndiimbire chiyani, mabatani?"

Apa ndiyenera kufotokoza, chifukwa ana a sukulu amayesa wovina amatsata ng'oma. Kwathu si choncho. Ng'oma zing'onozing'ono zimangoyala njira. Yaikulu imayang'ana wovina. Phazi likaponda, imaponda. Chiuno chikatembenuka, imatembenuka nacho. Woimba wabwino amawerenga akakolo ndi mawondo ako, n'kumanena mokweza zimene thupi lako likunena. Ine ndinkazidziwa zimenezi ndisanamere mano achikulu. Koma thupi linali litazolowera kandodo ndi belu, ndipo ngakhale ndikanaponda, pansi pa chinsalu chimenecho akanaona ndani?

Ndinayang'ana Tiwonge. Mkwatibwi amayenera kuwerama, osaseka, osalankhula, ndipo anaweramadi, koma zala zake zinkafinya mphasa. Ndinayang'ana mpata pakati pa anthu woti ndithawirepo.

Mpatawo unatsekedwa ndi ankhazi, mthiko uli m'manja. "Kondowole wanga akuuma ngati mwala chifukwa cha chinsalu ichi!" Sanandipemphe. Anagwira delesi m'munsi, kulikweza mpaka m'mawondo, kulipinda m'chiuno, n'kulimanga ndi luzi lomangira nsomba, lonunkha utaka. Anakoka mwamphamvu moti mabatani awiri anathothoka. "Eya. Miyendo iripo. Yayera ngati chinangwa chosenda, koma iripo." Anatembenukira akazi. "Inu, muponyereni yake ija!"

Yake iti? Ndinamva akazi akuyamba nyimbo imene sindinaimvepo. Inali m'Chitonga, koma m'Chinyanja tinganene kuti:

Suzgika wathawa nyanja,
wapita kukachapa m'chikho.
Nsomba zikufunsa, ali kuti?
Akutafuna sopo kumapiri.

Bwalo lonse linavomera. Ana ankaidziwa. Nkhalamba zinkaidziwa. Ngakhale a ku Makuzi, anthu oti sindinawaonepo, ankaimba dzina langa mokhetsa dovu, mkulu wa bangwe uja akuthiramo zingwe zake. Ndiye kuti zaka zonsezi ine ndikuzizidwa kumapiri, kuno ankandiimba pamtondo ndi pokoka makoka!

Ndinapsa mtima. Ndinati anthu opanda ulemu inu, sopo ndinadya liti ine? Ndinaponda pansi ndi mkwiyo, kuti ndiwakalipire.

Ng'oma ya asibweni inati du!

Ndinaponda ndi phazi linalo. Du! Ndinasuntha phewa, inayankha. Ndinayesa kuinamiza, kukweza phazi n'kusaliponda, asibweni anagwira dzanja m'mwamba akuseka, mano awo atatu onse poyera, n'kudikira mpaka nditaponda. Basi, zinathera pomwepo. Za mkwiyo ndinaiwala. Ndinazungulira bwalo, luzi likundidula m'chiuno, thukuta likutsika m'manja a delesi, kukhwapa kunang'ambika ndipo ndinamva mphepo ikulowa bwino. Pamene ankati "akutafuna sopo" ndinkatafuna ndithu, kutupitsa masaya, kuchita ngati thovu landitsamwa, anthu n'kumagwa ndi kuseka. Ndinakavinira pamaso pa uja ananditcha mtengo, mpaka anavula mkanda wa m'khosi mwake n'kundiponyera. Kenako zinangogwa ngati matalala, mikanda, mbedza, usipa wouma. Apongozi ake a Tiwonge anaimirira okha n'kukavundukula nsengwa yoyamba, nthungululu zili pwirikiti. Tiwonge anaiwala mwambo, anadzutsa mutu n'kuseka, ankhazi n'kumuweramitsanso ndi mthiko.

Ndikupuma wefuwefu, ndinalunjika kumphasa yanga ija, imene anali ataitulutsa n'kuiyala pafupi ndi alendo. Ankhazi anandigwira luzi kumbuyo ngati mbuzi.

"Ukupita kuti iwe? Wachedwetsa chakudya, ndiye ukakhalenso pansi? Nyamula nsengwa iyo, uyambire akuluakulu a ku Makuzi. Ukatero ukatunge madzi osamba m'manja. Fulumira!"

Sindinayambe ndakondwerapo ndi kukalipiridwa ngati tsiku limenelo. Ndinathamanga ndi nsengwa, ndi mitsuko, ndi mbale, delesi likulandira msuzi uku ndi uku. Ng'oma zinapitiriza, anthu ankadya n'kukavina, n'kubwereranso kudzadya. Mkulu wa bangwe anandiimbanso kuti ndamupatsa nsomba yaing'ono, ndinamuwonjezera mutu wa kampango kuti atseke pakamwa.

Ife ophika ndi operekera tinadya pomalizira, kuseri kwa nyumba, titazungulira mbale imodzi. Kondowole anali atazizira, wolimba moti unkachita kumukoka ndi manja awiri, ndipo ankhazi anandinena za iyeyo mpaka tsiku limene anamwalira. Ndiwo zinali mitu ya utaka ndi zokokota za chigwada. Ndadya zambiri pa moyo wanga, ngakhale keke ya azungu, koma chakudya chija sindinachipezenso.

Ama anali pambali panga. Anandigunda ndi chigongono. "Sendera uko iwe, wandikhalira nsalu."

Iwe. Ndinameza kondowole. Kenako ndinafunsa, "Koma amene anapeka nyimbo yachipongwe ija ndani? Ndikufuna ndimuone."

Akazi onse anayang'ana m'mbale. Ama anapitiriza kuchotsa minga pamutu wa nsomba.

"Ndine."

"Inu, ama?"

"Nanga ndikanatani? Munthu wamoyo saliridwa, ukamulira umamuitanira imfa. Ndikangotchula dzina lako misozi inkabwera, anthu n'kumandiletsa. Ndiye ndinaliika m'nyimbo yoseka. Ndinkalitchula m'mawa pamtondo, masana kudziwe, ndipo linga lonse linkandithandiza kulitchula, popanda wondiletsa." Anandiikira diso la nsomba m'dzanja, poti ankadziwa kuti ndimalikonda. "Idya. Waonda ngati bango."

Sitima inabwera n'kupita, ine sindinakwere. Ndinakwatiwa konkuno, ndabereka konkuno, linga linaphwasuka anthu n'kumwazikira m'midzi ine ndikuona. Masiku ano anyamata athu akuthera ku Halale ndi ku Joni, ndipo ndikamva akazi pamtondo akuimba monyoza mwana wa wina amene anapita, sindiwaletsa. Ndimangofunsa kuti mayi ake ndi uti, n'kukakhala naye pafupi.

Elina akuti mapepala atha, ndipo chala changa chatupa. Inu mwawerenga izi musazipinde n'kuziika pansi pa mphasa. Mupatseni mnzanu, muwerengereni amene maso anafooka, ndipo ngati pali wina akukwera sitima kupita kumene kuli ana athu, mumupatsire akawawerengere kumeneko.